Pansi Pano Ndimapadziwa

Ku Edmonton chisanu chimaluma mphuno ngati galu wopanda mwini,
ndiye Loweruka timakwera basi, ine ndi ana,
kupita kuchinyumba cha masitolo
kumene dzuwa lake ndi mababu
ndipo mitengo ya m'miphika siyoyola masamba.

Pakhomo ndimasenda anthu awiri:
zipewa, magolovesi, majekete onenepa ngati matiresi.
Zaithwa amatulukamo wowonda monga kale.
Ulemu wataya kale golovesi imodzi,
yachitatu mwezi uno.

"Tabwera kudzaona," ndimatero, "maso salipira."
Amandiyankha m'Chingerezi cha m'mphuno,
ine ndimabwereza m'Chichewa,
ndipo zilankhulo ziwirizo zimakwera limodzi masitepe oyenda okha
osagwirana dzanja.

Nsapato zomwe Zaithwa wazisirira
zili ndi timagetsi kuchidendene.
Ndikutembenuza kapepala ka mtengo.
Mutu wanga wosamvawu ukusandutsa madola kukhala makwacha,
ndipo pagalasipo ndikuona malata atatu
a nyumba yosatha ija ya ku Chinsapo.
"Mwezi wamawa," ndikutero.
Mwanayo akudziwa kuti mwezi wamawa
ndi dziko lina, lofuna viza.

Chimene ana sachiganizira n'chakuti
pansi pano ndimapadziwa.
Lolemba mpaka Lachisanu, anthu akagona,
ndimapakolopa kuyambira pa sitolo ya mawotchi
mpaka kumene amagulitsa mabedi.
Ndimadziwa thailosi yong'aluka pafupi ndi chikepe,
ndimadziwa benchi yomwe pansi pake amamatapo chingamu.
Masana malowa amandiyang'ana ngati sitinakumanepo.

Ndacheuka.
Ulemu kulibe.

Mtima wanga wagwera m'nsapato.
Ndaitana, mawu anga amezedwa ndi nyimbo za m'denga.
Miyendo ya anthu ngati nkhalango, yonse ili ndi eni ake.
Mlonda wa nduwira yabuluu, Harjit, walankhula m'kawayilesi kake,
kenaka chinkuzamawu chathyola dzina la mwana wanga patatu:
Yu. Lii. Muu.
Ngakhale mwini dzina sakanacheuka.

Zaithwa ndiye wamuona, pa kasupe wapakati,
mimba pa khoma, mkono m'madzi mpaka m'khwapa.
"Amayi, anthu akutaya ndalama!"
Watambasula dzanja, tindalama tonyowa, tisanu ndi tiwiri.
"Za nsapato za Zaithwa."

Ndimafuna kumukalipira. Pakhosi pakana.
Ndamuuza kuti ndi zofuna za anthu ena zimenezo,
aliyense anaponya yake atatsinzina,
zofuna za eni sizibedwa.
Wazibweza imodzi imodzi, monyinyirika,
yomaliza waigwira nthawi yaitali,
watsinzina nayenso,
sanandiuze chomwe wapempha.

Ayisikilimu mmodzi, masipuni awiri apulasitiki.
Mkangano wa yemwe wadya kwambiri wathera pansi,
phwa!
Wafika ndi ndowa yake ya matayala ndi Marites,
mnzanga wa ku Iloilo, yemwe Loweruka amagwira masana.
Dzanja langa, losafunsa, lagwira kale mopu.
Walimenya pang'ono:
"Iwe, lero ndiwe kasitomala."
Taseka mpaka ana achita manyazi.

Tatuluka ndi kathumba kamodzi:
magolovesi otchipa, awiriawiri, a mtundu umodzi
kuti yotayika ipeze mlowam'malo.
Mdima wagwa kale, folo koloko isanakwane.
M'basi mkono wonyowa uja ndaubisa m'jekete yanga,
ukuzizira pa nthiti ngati nsomba.
Zaithwa akujambula nsapato pa nthunzi ya windo,
kuchidendene akuikako timizere ta kuwala.

Lolemba usiku ndidzabweranso ndekha,
nyimbo zitazima, masitepe ataima ngati masitepe wamba.
Pa kasupe paja padzakhala mapazi ambirimbiri
a mchere ndi matope a chipale,
aakulu, aang'ono, osadziwika mwini.
Ndikudziwa, a Ulemu anafufutika kale.
Komabe pamenepo ndidzakolopa pomaliza.