Malume Safikako

Pa Santhe, kuseri kwa chigayo cha a Lufeyo,
panali kanyumba ka mikeka, chinsalu chakuda pakhomo,
jenereta ikutsokomola ngati nkhalamba ya chingambwe.
Tinkalowa ndi makobidi a mtedza wokunkha,
n'kukhala pa njerwa, maondo ali pamsana pa mnzako.

M'menemo ndi momwe ndinamudziwira mzungu uja.
Osati mwini filimu, wa mapewa ngati chipupa,
amene ankamumata pa bolodi panja, ayi.
Winayo. Wadazi, wa mphuno yokhotera kumanzere,
wa maso otopa ngati tenanti mu Febuluwale.

Loweruka anali wapolisi, anamuwombera pa mlatho.
Lamulungu tinamupeza akugulitsa mowa,
akupukuta tambula imodzimodziyo mpaka ndewu kubuka.
Sabata inayo dokotala, kenako dalaivala wa lole,
kenako mlonda wogona pa geti.
Mawu ake sankakwana khumi.
"Bwana, panja pali anthu."
Basi. Chipolopolo.

"Wabweranso uja!" tinkakuwa.
Gostino womasulira, maikolofoni yomanga ndi mphira ili kukamwa,
ndiye anamutcha Malume Safikako.
"Malume, tsanzikiranitu, kwatsala pang'ono!"
Nyumba yonse phwete.

Ine kuseka kunkandithera pakhosi.
Ndinkaona mmene ankavulira chipewa asanayankhule,
n'kuchizunguza m'manja katatu,
ndendende bambo anga pa khonde la mwini esiteti
tsiku lowerengera mabelo,
ngongole ya ufa ndi feteleza itadya fodya yense,
iwo n'kungoti, "Zikomo, bwana."

Ku Amerekako anaziphunzira kuti zimenezi?
Anamuuza ndani kuti munthu wa mawu ochepa
amayamba wayang'ana nsapato za womuyankhula?

Makaseti sankabwera mwa msinkhu wake.
Lero nkhalamba ya masaya akugwa,
mawa mnyamata wa tsitsi lonse, akuthamanga ndi chikwama cha wina.
Ndinkamulumikiza ndekha usiku, ngati fodya pa mkangala:
zaka makumi anayi
akudzuka m'mamawa, mkazi atamusitira malaya oti akafere,
madzulo n'kubwera ndi buledi, n'kufunsa ana za kusukulu.
Mwina ankakhalanso pa benchi ndi anzake adazi
kudikira woti aloze chala, ati iwe, bwera,
monga timachitira pa geti la okushoni ku Chinkhoma.

Tsiku lina ndinapempha a Lufeyo asathimitse msanga,
ndione maina oyera aja okwera pa galasi.
Anati petulo wadula. Ndinawonjeza teni kwacha.
Maina anatuluka ngati ngumbi mvula itakata,
mazanamazana, timalemba ting'onoting'ono,
wapolisi woyamba, wapolisi wachiwiri, wina wa pa geti,
chala changa chikuwathamangira,
jenereta thii!
Mdima, ndi fungo la utsi.

Bambo anamwalira chaka chimene chigayo chinapsa.
Mwini esiteti anatumiza thumba la mgaiwa
ndi kalata yopepesa, dzina atalemba la munthu wina.
Tinaiwerenga choncho pamaliro. Palibe anakonza.

Dzana, mu minibasi yochokera ku boma,
mnyamata wa pambali panga ankaonera filimu pa foni yosweka galasi.
Ndinasuzumira. Mphuno ija!
Ndinapitirira siteji yanga, kondakitala akutukwana,
ndikudikira chipolopolo.
Anaphana onse, matebulo anathyoka, mwini filimu anatenga mkazi n'kupita.
Malume anatuluka kuseri kwa kauntala,
anayang'ana uku ndi uku,
anatola tsache,
nayamba kusesa magalasi.

Mnyamata uja anafuna kuthimitsa.
Ndinamugwira dzanja.
Ndinati dikira kaye, amalize kusesa.