Zomatuka

Ndine kalipentala, zomatuka ndimazidziwa.
Pulayiwudi akagona panja ku Luwinga
usiku umodzi wa nkhungu ya mu Juni,
m'mawa ndimam'peza atatupa m'mbali,
masamba ake atakana kugwirana.
Sindinkadziwa kuti munthu nayenso ndi womata.

Zinayambira m'kamwa.
Nyaluhanga anasiya tiyi wotentha,
kenako chinangwa chootcha,
kenako kuseka.
Patapita miyezi iwiri thuza linamera pamsana,
lofewa ngati dzira loikiridwa lopanda chigoba.
Silinafike madzulo.
Chitenje chinamatirira pabalapo,
pochotsa chinapita ndi gawo lake.

Kuchipatala chachikulu, a dokotala Silungwe
anatembenuza kabuku kathu, n'kujambula mizere kuchikuto.
Khungu si nsalu imodzi, bambo.
Pamwamba pali gawo lopyapyala,
tinjerwa tating'ono togwirana manja.
Pansi pali lochindikala, la mitsempha ndi magazi.
Pakati pawo pali msoko.
Matuza ena amang'amba pamsokopo,
amakhala olimba, amatha masiku,
ngati a bambo okalamba aja pabedi lapakhomo.
Mayiwa akumatuka m'kati mwa gawo lapamwamba,
n'chifukwa chake denga la thuza silipirira.
Asilikali a m'thupi mwawo asokonezeka,
akudya guluu wa kwawo komwe.

Anakankha pang'ono ndi chala pomwe pankaoneka bwino,
khungu n'kutsetsereka ngati la phwetekere wowiritsa.
Ndinayang'ana pawindo.

Ndinafunsa: wawatumizira ndani?
Palibe.
Nanga ine nditengera?
Ayi. Agwireni, koma mofatsa.

Ku Chiputula sanamve yankho limenelo.
Beseni la zitumbuwa linkabwerera lodzaza,
ngakhale wokazinga anali mwana wathu Tafwakose.
Mayi wina pampopi anatsuka chogwirira
ndi sopo, pamaso pathu.

Manja angawa anakulira pa msasa ndi hamala.
Ndinawenga zikhadabo mpaka kuwawa,
ndinaphunzira kunyowetsa bandeji isanachotsedwe,
kudikira,
kudikirabe,
osakoka.
Thabwa ndimalipana ndi chitsulo kuti guluu agwire.
Mkazi wanga sindingam'pane.
Ndimangowerenga mapiritsi m'chivindikiro cha botolo,
iye amameza ndi phala lozizira.

Mankhwala amutupitsa masaya.
Akuti kwawo ku Ekwendeni aziti ndikum'sunga bwino,
zaka makumi awiri akudandaula kuti ndi woonda.

Lero nkhungu yabisa Kaning'ina yense,
akabaza akungomveka mabelu.
Ndamuvula juzi pang'onopang'ono,
ndayenda ndi tochi kuyambira m'khosi kufika m'chiuno.
Zipsera zakuda zili mbwee, ngati mfundo za paini,
koma chatsopano palibe.
Sabata yachitatu tsopano.
Sitinauze aliyense, a Silungwe anati zimatha kubwerera.

Ndikutseka botolo la vaselini
iye akuti, ali chopenya kukhoma:
Gomezgani, tiyi wa lero
usam'dikire kuti azizire.