Dzanja la Mngelo

Nélida Huaraca amakwera makwerero m'mamawa,
chisanu cha mapiri a Andes chikadaluma zala,
m'thumba muli thonje ndi kampeni kopyapyala.
Amanyowetsa thonjelo ndi malovu ake
n'kumachotsa mwaye wa makandulo
pa khoma la tchalitchi cha ku Sallqapata,
mwaye wa zaka makumi anayi.

Pansi pa mwayewo pali mngelo.
Anamujambula Anselmo Ccanto,
amene dzina lake silitchulidwa anthu akamadya.
Chaka chomwe asilikali anabwera
ndiye anayenda nawo khomo ndi khomo,
chala chili patsogolo: uyu, uyo, ndi uja wa kumtunda.
Amuna asanu ndi awiri anakwera lole.
Loleyo inabwerako ili gwa, yopanda munthu kumbuyo.
Patatha miyezi itatu
Anselmo anakapempha utoto kwa wansembe.

Tsono mapiko akutuluka pang'onopang'ono,
obiriwira ngati nyemba zanthete,
ndipo Nélida akudziipira mtima
poti maso ake akondwa.
Anajambula bwino galu ameneyu, akutero chamumtima.
Nkhope ikuchita ngati ikupuma,
mkanjo ngati ungagwedezeke wina atatsegula chitseko.

Masana kumabwera Hilarión ndi ndodo yake ya bulugamu,
amakhala pa benchi yakumbuyo, masamba a koka ali m'tsaya.
Tsiku loyamba anati: Usiyeni mwayewo, mayi,
makandulo athu ankadziwa chomwe ankachita.
Mawa lake sanayankhule.
Lachisanu anabwera ndi mbatatesi zophika, zokulunga m'kansalu,
nazisiya patsinde pa makwerero.

Wansembe, mnyamata wa kugombe, akuti kukongola n'kwa Mulungu
ngakhale kutadzera m'manja a litsiro.
Mphunzitsi akuti tingopaka laimu basi,
khoma loyera silinganamize ana.
Nélida alibe mbali. Iye amadziwa thonje,
amadziwa pomwe mwaye wathera, utoto n'kuyambira,
malire ochepa kuposa chikhadabo.

Sabata yachitatu anafika pa dzanja lamanzere.
Anapukuta, naleka, napukutanso.
Chala chaching'ono chinathera pa mfundo.
Si chinyezi chinadya, si mbewa ayi:
burashi inazungulira kachitsako mwadala,
n'kuikapo kachipsera kotuwa pamwamba.

Ndodo inagwa pa simenti, phokoso n'kudzaza tchalitchi.
Dzanja la Fermín ilo, anatero Hilarión.
Zenga linamudula tikumweta barele, tili ana,
bala ndinamanga ndine, ndi mpango wa amayi,
ndipo anandikwapula chifukwa cha mpangowo.

Kunali kulapa kodi?
Kapena kuba kachiwiri,
kupereka munthu ku lole
kenako kum'tengera dzanja kukakometsera khoma?
Anselmo anafera ku Lima m'chipinda cha lendi,
sanasiye kalata, anasiya ngongole ya mkate.

Hilarión anapempha makwerero.
Nélida anawagwira ndi manja awiri,
mawondo a mkuluyo akunjenjemera pa sitepe iliyonse.
Lamulo la ntchito yake n'lakuti utoto sakhudza,
thukuta la m'manja limaupha.
Anaona chikhatho chokhakhala chikuphimba chikhatho cha mngelo
ndipo anayang'ana kumbali, kwa nkhunda za padenga.

Atatsika anapukuta mphuno ndi chipewa.
Musaganize kuti ndam'khululukira, anatero.
Akanauka lero ndikanam'lavulira ndithu.
Anatola ndodo, nayenda mpaka pakhomo,
naima, kuwala kuli kumsana.
Khomali n'lalikulu, mayi.
Kumtunda uko kukadali bii.
Analipo asanu ndi awiri.

Nélida anadya mbatatesi imodzi, yozizira kale,
nasuntha makwerero mikono iwiri chakumanja.
Mawa lake m'mamawa anapeza amayi atatu pa benchi yakumbuyo,
zipewa zili pamiyendo, osayankhulana,
wina atafumbata chithunzi chaching'ono cha pa chiphaso.
Anang'amba thonje latsopano,
nalinyowetsa.