Bweretsani Chimene Chakana

Ine ndine woyala mipando.
Ilipo makumi atatu, yapulasitiki, yabuluu,
ndipo umodzi umatsimphina mwendo wakumbuyo.
Ndimaukankhira kukhoma kumene sikukhala munthu
kupatula Orest Hrynko, amene amati mpandowo ndi mnzake wa msinkhu umodzi.

Kunja Thunder Bay waluma mano.
Chipale chofewa chafika m'chiuno mwa chikwangwani cha basi.
Anthu akulowa akupuntha nsapato pakhomo, phu, phu,
magalasi a m'maso atachita nkhungu,
n'kumapapasa makwerero otsikira kuchipinda chapansi pa laibulale.

Lachinayi ndi usiku wokonza zowonongeka.
Palibe wolipira, palibe wolipidwa.
Pepala limene Marjatta wapadesiki adamata pachitseko limangoti:
Bweretsani chimene chakana.
Abweretsa ketulo, nyale, zipi ya jekete.
Mtsikana wina wabweretsa kalata ya boma yomwe sakuimva,
wati nayonso yakana,
ndipo Marjatta wamukokera mpando.

Orest wabweretsa wailesi.
Sabata yachitatu ino.
Amaifukata m'thawulo ngati khanda la dzulo,
amaikhazika patebulo,
koma wina akangotambasula dzanja amati, lero ndingoonerera,
n'kumwa makapu awiri a khofi wathu wosakoma uja, n'kumapita.
Tonse tikudziwa.
Idakhala pamwamba pa firiji ya Halyna zaka makumi atatu.
Halyna adapita mu Okutobala,
wailesi idamutsatira mu Disembala.

Nizar yekha ndiye sakudziwa.
Zaka khumi ndi zinayi, wochokera ku Homs,
amabwera kuno chifukwa cha hita ndi intaneti,
Chingerezi chake chikadali chobooka ngati sokosi.
Palibe adamuuza kuti iyo sitigwira.
Wangovundukula thawulo,
waigoneka chafufumimba, sikuludiraiva ali kukamwa.

Chipinda chonse zii.
Makina osokera a Mayi Beardy aima pakati pa msoko.

M'katimo muli fumbi, chigoba cha kangaude,
ndi kapepala kopindidwa kanayi
kotsamiritsa batire kuti lisagwedere.
Nizar wakanyamula kuti akataye.
Dzanja la nkhalamba lamugwira pamkono, gwi,
mwamphamvu imene sitimadziwa kuti idatsalamo.

Wakafutukula pang'onopang'ono.
Inki yabuluu, zilembo zopendekera kumanzere:
anyezi, sopo, ulusi wakuda,
mapiritsi a Orest (adzaiwala yekha).

Vuto linali waya umodzi, basi.
Fungo la mtovu wosungunuka,
kadontho kamodzi konyezimira,
kenaka wailesi yatsokomola ngati munthu wodzutsidwa kutulo,
yakonza kukhosi,
yatiuza kuti usiku uno kuzizira kufika makumi atatu pansi pa ziro
ndipo msewu wa ku Nipigon autseka.
Ife m'manja, phaphapha,
kuombera uthenga woipa ngati wa ukwati.

Orest sanalire, musayembekeze zimenezo.
Wati Halyna sankaikweza choncho.
Waitsitsa.
Wapisa m'thumba, watulutsa siwiti yomatirira ubweya wa jekete,
waiika m'dzanja la mnyamata osamuyang'ana kumaso.
Kapepala kaja kalowa m'thumba la malaya, kumanzere.

Batire layambanso kugwedera.
Nizar wang'amba ngodya ya ndandanda ya mwezi wamawa,
pomwe palembedwa kalasi ya zamisonkho ndi tsiku losinthana mbewu,
wapinda kanayi, watsamiritsa.

Naini koloko. Ketulo yawira, nyale yakanabe.
Mtsikana wa kalata uja akutuluka akuiwerenga yekha mokweza.
Ndikusanja mipando isanu isanu,
ndafika makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi.
Wotsalawo uli miyendo m'mwamba,
Nizar wagwada pambali pake, diso limodzi atatsinzina.

Usiye, ndatero.
Wandiyang'ana, sanamve.
Ndaloza kuchitseko, kumene nkhalamba ikulimbana ndi magolovesi,
wailesi ikung'ung'udza m'khwapa mwake.
Usiye umenewo, uli ndi mwini wake.