Nenani Katatu

Anafika Lachiwiri, mtsikana wa a Kalonjere,
fumbi la msewu wa Salima lili m'nsidze,
nandipeza pakhonde la golosale pa Linga
ndikupinda mpendero wa yunifolomu ya mwana wa eni.
Ati akufufuza malankhulidwe athu a kuno,
Chichewa chathuchi chonunkhira Chitonga ndi Chiswahili,
chimene mabuku anachilambalala ngati chithaphwi.

Anaika kachipangizo pambali pa ulusi,
kochepa ngati bokosi la machesi,
nati: Bambo Mbwana, imitsani phazi,
makina anuwa akumeza mawu.

Nenani mtengo, uja wa nthambi. Katatu.
Ndinanena.
Tsopano mtengo, uja mumatchula munthu akafuna diresi.
Ndinanena, kuseka kukundithawa,
poti zaka makumi asanu ndi limodzi
ndakhala ndikukwera ndi kutsika pa liwu limodzi
osadziwa kuti ndili pamakwerero.
Iye ankadontheza timizere pamwamba pa zilembo
ngati mapazi a nkhuku pa ufa woyanika.

Khungu la thupi. Khungu la maso.
Katatu katatu.
Ponena kuti ŵanthu anandiyang'anitsitsa milomo,
akuti kamphepo kameneko ana a lero anakataya.
Ine mano awiri akutsogolo kulibe.
Ndinachita manyazi
kuti chilankhulo cha mtundu wonse
chikalowa m'buku podzera pampata wanga.

Lachinayi anabwera ndi nkhani ya nthawi.
Wabwera, akubwera, ankabwera,
tsamba lonse anthu ongobwera okhaokha.
Tiyesere pa mwana, anatero. Mwana adabwera.
Nanga mukakoka pang'ono, mwana adaabwera,
kusiyana kwake n'kotani?

Ndinayang'ana singano.

Ndinati: woyambayo alipo,
mukhoza kumutuma makala pamsika.
Wachiwiriyo adafika, inde,
adakhala masabata atatu,
adafolera khitchini yomwe inkadontha,
adandigulira lamba watsopano wa makinawa,
Swaleyi wanga,
kenaka basi ya ku Joni m'bandakucha.
Chino n'chaka chachisanu ndi chiwiri.
Nambala yake imayankhidwa ndi mayi wa Chingerezi
amene satopa kupepesa.
Ka "a" kamodzi kowonjezerako, mwanawe,
ndi nsapato zili kunsi kwa bedi,
ndi mayi wake wodzidzimuka njinga ikaima pakhomo.

Mtsikanayo sanalembe kanthu.
Kanyali kofiira kanali kuphethirabe.
Kutsidya kwa msewu chigayo cha mpunga chinazima,
magetsi atathawa monga mwa masiku onse,
ndipo tinamva mbuzi ikutafuna katoni.
Anafunsa chapansipansi ngati afufute.
Ndinati ayi, zisiyeni momwemo,
koma ichi chokha musandiuze kuti ndinene katatu.

Anapita Loweruka.
Anandisainitsa pepala, nandisiyira ya sopo,
ndi siketi yoti ndiibweze m'chiuno
imene mpaka lero sanaitenge.
Akuti m'bukumo dzina langa simukhala,
ndidzakhala Wolankhula Wachinayi, wamwamuna, telala.
Zilibe kanthu.
Ndasoka malaya ambiri opanda dzina langa pakolala.

Chimene anandisiyira ndi matenda a khutu.
Kasitomala akamadandaula za mtengo
ine ndimamvera pomwe liwu lagwera.
Mdzukulu akati anthu, ndimamubweza,
iye n'kundiseka kuti ndikuuzira phala.

Pali liwu lina linali mmunsi mwa tsamba lake,
nthawi inatha tisanalifike.
Ndimaliyesera ndekha ndikamapalasa makina,
phazi pansi, phazi mmwamba:
adzabwera.
Sindidziwa kamzere kake kakhala pati.
Tsiku lina limakwera,
tsiku lina limatsika,
ndipo ulusi ukaduka ndimaunyowetsa ndi malovu
n'kuyambiranso.