Mzere 214

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala pa mpando uno
kuseri kwa nyumba yosungira mtedza ku Kapata,
kudyetsa timabokosi ta sipuredishiti
mayina a alimi, makilo, makwacha ndi mangwee.
Mwezi ukamatha ndinkachezera pano,
tiyi atazizira m'kapu, maso ali psuu,
chala chikutsika mzere ndi mzere
ngati nkhuku yotola misere.

Panali kamakiro kena kamene anasiya a Sakala
asanapite ku Kitwe kosabwerera kuja,
kolembedwa m'chinenero cha makedzana.
Palibe ankakamvetsa. Tinkangodina n'kupemphera.
Lero kawonkhetsa bwino,
mawa kapatsa mlimi wa matumba atatu
ndalama zogulira lole.

Ndiye kunabwera Tikambenji,
mwana wa a Shawa a ku Mchini,
pa njinga ya hayala, laputopu atayikulunga m'chitenje.
Anati chinenero chake ndi Payithoni.
Ndinati, si nsato imeneyo?
Anaseka. Nsato ndithu, ankolo,
imameza osatafuna.

Analemba mizere makumi anayi basi,
timawu tokhota, tina tolowa m'kati ngati mano a nkhalamba.
Magetsi anazima kawiri, iye osatekeseka.
Kunja fumbi la Ogasiti linkatsika ku Kanjala.
Kenako anadina kamodzi,
ndipo ntchito yanga ya masiku atatu osagona
inatha ndisanamalize kusenda nthochi.

Midzi inafola yokha:
Mtenguleni, Chiparamba, Msekera, Feni.
A Phiri makumi asanu ndi awiri aja
amene ankandizunguza mutu chaka ndi chaka
anapatukana, aliyense ndi nambala ya chitupa chake.
Ndinaomba m'manja. Ndinaombadi.

Koma nsato inaima pa mzere 214
n'kuufiiritsa.
Zelipa Njobvu, wa ku Chiparamba.
Buku la pasikelo likuti makilo 47.
Tebulo likuti 50.
Chaka chatha, chimodzimodzi.
Chinzake chija, chimodzimodzi.

Apa wina ankalakwitsa, anatero Tikambenji.

Ndinayang'ana pazenera.
Anyamata ankakweza soya m'galimoto yopita ku Mwami.
Ndikanayambira pati?
Kuti Zelipa amabwera wapansi, thumba pamutu,
mapazi atang'ambika ngati dambo la mu Okutobala?
Kuti akulera adzukulu anayi
a mwana wake amene tinamuika m'manda mvula ikugwa?
Kuti ukamupatsa ndalama pamanja amakubwezera,
nkhope itauma gwaa?
Makilo atatuwo ndinkawadula pa malipiro anga,
pansi penipeni pa tebulo,
pamene ndinalemba kuti zina ndi zina.

Sindinanene. Anatsika yekha mpaka pansipo.
Anawerenga. Anabwerera m'mwamba. Anatsikanso.
Pa malata panagwa kanthambi.

Nsato sidziwa munthu, ankolo, anatero motsitsa mawu,
imangomva zimene wayiuza.
Anatsegula mzati watsopano kumapeto,
wopanda dzina, wopapatiza ngati khomo la nkhokwe,
n'kuwonjezera mizere iwiri mu sikiripiti yake.
Pamwamba pake analemba m'chinenero chathu,
mawu amene makina amangowadumpha:
bokosi ili ndi la a Daka, osalikhudza.

Masiku ano mwezi ukatha ndimaweruka dzuwa lilipo.
Mayi a kunyumba anayamba andinunkhiza malaya,
amvekere, akuchotsani ntchito kodi?
Madzulo ndi aatali, sindinawazolowere.
Ndakonza mpanda, ndakonzanso wailesi imene sinali yowonongeka.
Loweruka Tikambenji amandiphunzitsa nsato yake,
ndimaiwala kutseka timikutira, iyo n'kundikalipira mofiira.

Mayina chikwi chimodzi ndi mazana awiri
amadutsa pamaso panga ngati madzi a Lunkhwakwa,
sindiwagwiranso ndi chala.
Ena ndayamba kuwaiwala nkhope.
Koma nyengo ya mtedza ikafika
ndimadikira onse atuluke,
ndimatsetsereka mpaka pa mzere 214,
kumapeto, m'kabokosi kopanda dzina,
n'kulemba ndekha: 3.