Kaundula wa pa Mtayamoyo

Zaka khumi ndi zinayi ndinakhala padoko la Mtayamoyo,
kaundula pabondo, cholembera chomangirira ulusi,
ndikulemba mabwato, njinga zamoto, chimanga cha m'madimba
ndi anthu owolokera ku Makhanga.
Tsamba lililonse linamwa thukuta langa.

Kalata inabwera Lachiwiri:
boma likumanga lamba.
Lambayo anamangidwa m'chiuno mwanga.
Pampando panga anaikapo kamakina kongokwana m'dzanja,
kosadya, kosadwala malungo, kosapempha tchuthi cha maliro.
Mnyamata wa ku Blantyre anajambula masamba anga onse
tsiku limodzi, uku akutafuna mandasi,
nati, "Madala, zonsezi zapita kumtambo."
Ndinayang'ana kumwamba.
Unali Okutobala, kunali mbee.

Tsopano Zuze wa kabaza akagunditsa khadi lake
kamakina kamalira ngati nkhululu,
ndipo kutali uko adziwa kale kuti wawoloka m'mamawa,
wanyamula yani, wabwerako yekha.
Adziwa a msonkho.
Adziwa eni ngongole ya njingayo,
amene anamudikirira pa Bangula Loweruka lija
asanazimitse n'komwe injini.
Anawauza ndani? Iye sanauze ngakhale mkazi wake.
Akuti maofesi masiku ano amabwerekana mayina
monga oyandikana nyumba abwerekana mchere,
koma mcherewo ndife.

Sindikuti ndinali woyera ayi.
Milamba iwiri inkanditseka maso bwato likadzadza,
ndipo mzere unkatalika ndikapita kukamwa tiyi.
Kamakinaka sikadya mlamba. Pamenepo ndagonja.

Koma kaundula wanga ankadziwa kuiwala.
Madzi osefukira anameza chaka chathunthu,
chiswe chinadya Epulo.
Ndipo madzulo ena, ndiulule lero,
Fanita anafika ndi mwana kumsana,
diso lotupa, nsapato imodzi,
bwato lomaliza litamasulidwa kale chingwe.
Ndinalemba kuti: thumba limodzi la mbatata.
M'mawa mwamuna wake anabwera ndi chikwanje chodulira nzimbe,
anatsegula yekha tsambalo,
anatsatira mizere ndi chala mpaka pansi,
anapeza mbatata,
nabwerera.

Kamakinaka sikadziwa mbatata.
Kamafuna chiphaso, chala, nkhope,
ndipo kakagwira dzina sikataya.
Amalumbira kuti n'kokhoma ndi mawu achinsinsi,
koma mawuwo amasungidwa m'mutu mwa munthu,
ndipo munthu ali ndi mlamu,
mlamu ali ndi mnzake womwa naye pa Ngabu.

Akuti apulumutsa ndalama zambiri.
Mwina. Ine sindinazione zikutsika kuchigwa kuno.
Ndimagulitsa masau pansi pa mtengo uja,
mikono khumi kuchokera pomwe panali mpando wanga,
cholembera chikadali m'thumba, chinauma kalekale.

Dzulo dzuwa likupendeka
kunabwera mayi wina, sindimudziwa,
kamtolo pamutu, mwana kumanja.
Anaima patali, akuyang'ana kamakina kaja
kakulira kwa aliyense wodutsa.
Anaima mpaka mzere unatha.
Kenako anatembenuka, natsata gombe cha kumunsi,
kumabango kumene kuli kabwato kosalembedwa,
kumene ng'ona zimawothera dzuwa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane.
Ndikanamuuza chiyani?
Ndinalibe tsamba loti ndimulembepo mbatata.